Malamulo oletsa matimu kumwaza ndalama: akuteteza mpira kapena akuteteza akuluakulu?

Wa ku Domwe:

Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi, chifukwa kuno ku Angónia timakangana nayo sabata iliyonse tikamaonera mpira wa ku England, koma palibe amene amaifotokoza mpaka pamapeto. Everton inalandidwa mapointi chifukwa cha ndalama. Nottingham Forest chimodzimodzi. Koma Chelsea, eni ake atsopano atangofika mu 2022, inagula osewera a ndalama zoposa mapaundi 1 biliyoni pasanathe zaka ziwiri, ndipo sinachotsedwe pointi pa lamulo lomweli. Newcastle ili ndi eni ake a ku Saudi Arabia olemera koopsa, koma ikugulitsa anyamata ake abwino ngati timu yosauka. Kodi amawerengera bwanji? Ndipo malamulowa akuchititsa kuti mpikisano ukhale wolimba, kapena akungotsekera khomo matimu ang'ono? Funso langa lomaliza ndi la kwathu kuno: lamulo lotere lingathandize Moçambola, ligi yaikulu ya mpira ya ku Mozambique, pamene União Desportiva do Songo ili ndi kampani ya magetsi kumbuyo kwake pomwe matimu ena amavutika ngakhale kulipira osewera?

Mwerengi wa ku Ulongwe:

Achimwene, yambani mwamvetsa mmene mtengo wa wosewera umalembedwera m'mabuku a timu. Mukagwira pamenepo, za Chelsea ndi Everton sizikudabwitsaninso.

Timu ikagula wosewera, mtengo wake sulembedwa wonse chaka chomwecho ayi. Umagawidwa pa zaka za kontirakiti yake. Anthu a maakaunti amati amortisation, pa Chipwitikizi amortização. Tiyerekeze kuti mwagula wosewera pa mapaundi 50 miliyoni ndipo wasaina zaka zisanu. M'mabuku mumalemba 10 miliyoni chaka chilichonse. Ngati amalandira mapaundi 100,000 pa sabata, ndiye 5.2 miliyoni pa chaka. Choncho wosewerayo amadya 15.2 miliyoni pa chaka, osati 50 miliyoni imene nyuzi zinalemba.

Kugulitsa ndiye kuli kwina. Phindu la kugulitsa limalembedwa lonse nthawi imodzi. Wosewera uja pakatha zaka ziwiri, m'mabuku watsala ndi mtengo wa 30 miliyoni. Mukamugulitsa pa 40 miliyoni, mwapindula 10 miliyoni tsiku lomwelo. Mukamugulitsa pa 20 miliyoni, mwaluza 10 miliyoni, n'chifukwa chake matimu amakakamira ndi wosewera wolephera kapena kungomubwereketsa kwina m'malo momugulitsa motchipa. Tsono mwana amene mwamulera nokha mu akademi, m'mabuku alibe mtengo chifukwa simunamugule. Mukamugulitsa pa 30 miliyoni, yonseyo ndi phindu. Ndiye onani: kugulitsa mwana mmodzi wa pakhomo pa 30 miliyoni kumakwirira chaka choyamba cha osewera atatu a 50 miliyoni aliyense, tikapatula malipiro awo. Chelsea inagulitsa Mason Mount ku Manchester United mu 2023 ndi Conor Gallagher ku Atlético Madrid mu 2024. Newcastle inagulitsa Elliot Anderson ku Forest kumapeto kwa Juni 2024, komanso Yankuba Minteh ku Brighton, chifukwa mabuku ake amatsekedwa pa 30 Juni ndipo inkayenera kuonetsa phindu tsikulo lisanadutse.

Njira yachiwiri ya Chelsea inali makontirakiti aatali. Enzo Fernández anagulidwa mu Januwale 2023 pa mapaundi pafupifupi 107 miliyoni ndipo anasaina zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Gawani nokha: zikutuluka pafupifupi 12.6 miliyoni pa chaka. Akanasaina zaka zisanu zikanakhala zoposa 21 miliyoni. UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, inatseka mpata umenewu pakati pa 2023, n'kunena kuti mtengo uzigawidwa pa zaka zosaposa zisanu ngakhale kontirakiti italike bwanji, ndipo Premier League inatsatira mu Disembala chaka chomwecho. Makontirakiti amene anali atasainidwa kale sanakhudzidwe. Vuto la njirayi n'lakuti wosewera akalephera kapena kuvulala, mumakhala naye pa malipiro zaka zonsezo. Njira yachitatu inali kugulitsa katundu kwa kampani ya eni ake omwe: mahotela awiri a pa Stamford Bridge pa 76.5 miliyoni, kenako timu ya amayi. Premier League inavomera kuti zimenezi zilembedwe ngati phindu. UEFA savomera, ndipo mu Julayi 2025 inalipiritsa Chelsea chindapusa cha mayuro 31 miliyoni.

Lamulo limene linagwira Everton ndi la Premier League, lotchedwa PSR, loika malire a ndalama zimene timu ingaluze. Pa nthawiyo linkati pa zaka zitatu zotsatizana timu isaluze ndalama zoposa mapaundi 105 miliyoni, ndipo pa ndalamazo, 90 miliyoni zikhale zoti mwini timu wazikwirira ndi ndalama zake. Asanawerengere ankayamba achotsa zimene timu yagwiritsa ntchito pa akademi, mpira wa amayi, ntchito zothandiza anthu a m'dera ndi zomangamanga. Everton inapezeka kuti inaluza 124.5 miliyoni, kupyola ndi 19.5 miliyoni. Inalandidwa mapointi 10 mu Novembala 2023, apilo inatsitsa kufika pa 6, kenako inalandidwanso 2 mu Epulo 2024 pa mlandu wina.

Ya Forest ndi imene imaonetsa bwino mmene lamuloli limapwetekera timu yongokwera kumene. Chaka chilichonse chimene timu inali mu Championship, ligi yachiwiri ya ku England, ankalola kuluza 13 miliyoni yokha, osati 35 miliyoni ya chaka cha mu Premier League. Forest inali ndi zaka ziwiri m'munsimo ndi chimodzi mu Premier League, ndiye malire ake anali 13 kuphatikiza 13 kuphatikiza 35, kukwana 61 miliyoni. Inapyola ndi 34.5 miliyoni. Inali ndi Brennan Johnson, mwana wa mu akademi yake, ndipo ikanamugulitsa mu Juni 2023 ikanachepetsa vutolo, koma inadikira mtengo wabwino mpaka inamugulitsa ku Tottenham pa 47.5 miliyoni pa 1 Sepitembala. Inapeza ndalama zambiri, koma tsiku linali litadutsa, ndipo inalandidwa mapointi 4 mu Malichi 2024. Pamenepa lamulo lofuna kuti matimu azisamala chuma linalanga timu chifukwa chogulitsa mwanzeru.

Mphunzitsi wa ku Tsangano:

A Mwerengi alongosola bwino za mabuku. Ine ndiyankhe funso la mpikisano, ndipo ndinene mosapsatira: malamulowa amateteza matimu kuti asafe, koma salinganiza mpikisano, ndipo sanapangidwire zimenezo.

Kumene anachokera n'komveka. Mu 2011 matimu a m'maligi apamwamba a ku Ulaya onse pamodzi analuza mayuro 1.7 biliyoni m'chaka chimodzi. Portsmouth, imene inatenga FA Cup mu 2008, inali italephera kubweza ngongole pofika 2010. Rangers ya ku Scotland inagwa mu 2012 n'kukayambira mu divishoni ya pansi. Parma inagwa mu 2015. Timu ikagwa chonchi, amene amalira si mwini wake ayi, koma osewera, ogwira ntchito pabwalo ndi matimu ang'ono amene anawagulitsa osewera pa ngongole. UEFA itayambitsa Financial Fair Play, lamulo loletsa matimu kuwononga ndalama zoposa kwambiri zimene amapeza, pofika 2017 matimu a ku Ulaya onse pamodzi anali akupanga phindu. Pamenepo lamulo linagwira ntchito yake, tisakane.

Koma taonani lamulo latsopano la UEFA la mu 2022. Limati malipiro a osewera ndi kochi wamkulu, mtengo wa osewera wogawidwa pa zaka uja, ndi ndalama za maejenti, zonse pamodzi zisapose gawo loikika la ndalama zolowa. Anayamba ndi 90 peresenti mu 2023, kenako 80, tsopano 70. Real Madrid inakhala timu yoyamba kupyola mayuro 1 biliyoni pa ndalama zolowa m'nyengo ya 2023/24, ndiye imaloledwa kugwiritsa ntchito zoposa 700 miliyoni pa osewera. Timu imene imapeza 200 miliyoni imaloledwa 140 miliyoni. Onse akutsata lamulo limodzi, koma winayo ali ndi kasanu kuposa mnzake. Ndipo kuti timu ya 200 miliyoni ikweze ndalama zolowa, iyenera kulowa Champions League chaka ndi chaka. Kuti ilowe, ikufunika osewera amene lamulo likuiletsa kugula. Njira yakale inali yakuti mwini timu aike ndalama zake zaka zingapo mpaka timu ikule: ndi mmene Chelsea inakwerera Roman Abramovich atafika mu 2003, ndi Manchester City kuyambira 2008. Newcastle inagulidwa mu Okutobala 2021 khomo limenelo litatsekeka. Patangotha miyezi iwiri, Premier League inaika lamulo loti siponsa wochokera ku kampani yogwirizana ndi eni timu aziunikidwa ngati ndalama zake zikufanana ndi mtengo weniweni wa pamsika. Choncho mwini timu sangangolemba dzina la kampani yake pa jezi n'kunena kuti yalipira 200 miliyoni.

Zotsatira zake tinaziona. Bayern inatenga ligi ya ku Germany ka 11 motsatizana kuyambira 2013 mpaka 2023. Juventus ka 9 kuyambira 2012 mpaka 2020. Manchester City kanayi motsatizana mpaka 2024. Sindikunena kuti lamulo lokha ndilo linachita zimenezi, chifukwa ndalama za Champions League ndi masiponsa a padziko lonse ndizo zinakulitsa mpatawo. Koma lamulo lomangirira pa peresenti ya zolowa limasunga mpata mmene laupezera. Leicester ya 2016 ndi Leverkusen ya 2024 zimakumbukika chifukwa ndi zosowa.

Palinso nkhani ya kulanga. Milandu ya Everton ndi Forest inatha m'miyezi yowerengeka chifukwa matimuwo anapereka mabuku ndipo masamu anali poyera. Manchester City inaletsedwa ndi UEFA kusewera ku Ulaya zaka ziwiri mu Febuluwale 2020, koma khoti la zamasewera la ku Lausanne linathetsa chilangocho mu Julayi n'kusiya chindapusa cha mayuro 10 miliyoni, mwa zina chifukwa milandu ina inali itapyola nthawi yozengedwa. Premier League inaitsegulira milandu 115 mu Febuluwale 2023, ndipo kumva mlanduwo kunayamba mu Sepitembala 2024. Chindapusa cha ndalama sichiluma timu yolemera. Kulanda mapointi ndi kuletsa kulembetsa osewera ndiko kumaluma.

Chimene chimalinganiza mpikisano ndi kagawidwe ka ndalama. Pa ndalama za kanema za m'dziko lawo, Premier League imagawa theka mofanana kwa matimu onse 20, kotala potengera pamene timu yathera, ndi kotala potengera kuchuluka kwa masewero ake amene aonetsedwa. N'chifukwa chake Brighton ndi Brentford zimatha kugula osewera abwino. Ku Spain, Real Madrid ndi Barcelona zinkadzigulitsira zokha masewero awo ku makampani a kanema mpaka boma linalamula mu 2015 kuti azigulitsira pamodzi.

Wa ku Domwe:

Zikomo aphunzitsi, zikomo a Mwerengi. Ya Forest ija ndaimvetsa tsopano. Koma mwatchula Spain: nanga Messi anachoka bwanji ku Barcelona pamene iye mwini anavomera kuchepetsa malipiro? Ndipo funso langa la Moçambola likadali chiimire.

Mwerengi wa ku Ulongwe:

Ku Spain amagwira mbuzi isanalowe m'munda. Ku England, pa lamulo la PSR lija, ankayamba aona mabuku chaka chikatha, kenako n'kulanga. La Liga imaunika bajeti ya timu nyengo isanayambe, n'kuiuza malire a ndalama zimene ingagwiritse ntchito pa osewera. Mukapyola, wosewera mutha kumusainitsa koma ligi simulembetsa, ndiye sasewera. Mu Ogasiti 2021 Barcelona inali itapyola malire ake kwambiri moti ngakhale theka la malipiro a Messi silinalowe. Chaka chotsatira inagulitsa 25 peresenti ya ndalama zake za kanema za mu ligi kwa zaka 25 ku kampani ya Sixth Street kuti ipeze mpata wogula osewera. Kumeneko n'kudya mbewu ya chaka cha mawa: ndalama yalowa lero, koma nyengo iliyonse kwa zaka 25 zolowa zidzakhala zochepa.

Mlembi wa ku Furancungo:

Achimwene a ku Domwe, lamulo la 70 peresenti likanabwera ku Moçambola monga lilili ku Ulaya, silikanathandiza, ndipo chifukwa chake chili pa kumene ndalama za matimu athu zimachokera.

Ku Ulaya timu imapeza ndalama ku kanema, pachipata, ndi kwa masiponsa amene si eni ake. Kuno matimu amphamvu amadalira kampani imodzi imene imawalera. Songo ili ndi Hidroeléctrica de Cahora Bassa, matimu a Ferroviário ali ndi kampani ya njanji ndi madoko ya CFM, Costa do Sol ili ndi Electricidade de Moçambique. Kutsidya ku Malawi n'chimodzimodzi: Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ndi ya apolisi, Big Bullets ili m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company. Mukabweretsa lamulo lija loti ndalama za mwini timu zisawerengedwe kupyola mtengo wa pamsika, mwapha matimu onse abwino nthawi imodzi. Mukazilola kuti ziwerengedwe, lamulo la peresenti silikuletsa kanthu, chifukwa kampani ingowonjezera thandizo n'kukweza malire. Ndipo ndalama za kampanizi ndi zimene zinafikitsa chikho kunja kwa Maputo: Ferroviário da Beira mu 2016, Songo mu 2017, 2018 ndi 2022. Anthu a m'chigawo cha Tete sitingadandaule nazo. Choopsa chake n'chakuti kampani ikasintha mabwana kapena bajeti, timu ilibe pena pogwira.

Chimene chimadya ndalama kuno si kugula osewera, koma ulendo. Kuchoka mumzinda wa Tete kufika ku Maputo ndi makilomita pafupifupi 1,500 pa msewu, ndipo Songo ili makilomita ena pafupifupi 150 kupitirira. Ligi ya dziko lonse imadalira ndege, ndiye ndalama za matikiti zikasowa, kalendala yonse imagwedezeka. Timu yokwera kuchokera ku mpikisano wa m'chigawo imapezeka kuti bajeti yake yakula kangapo chaka chimodzi, pomwe pachipata palowa zomwe zija.

Gawo la malamulo a ku Ulaya limene lingatithandize ndi limene anthu salitchula: loletsa kukhala ndi ngongole zopyola nthawi. Timu isanapatsidwe laisensi, ionetse kuti ilibe ngongole ya malipiro a osewera ndi makochi, ya matimu ena, kapena ya msonkho ndi inshuwalansi ya ogwira ntchito. Lamuloli lili kale m'dongosolo la malaisensi la CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Chofunika ndi kulitsata: malisiti a ku banki osati kalata ya tcheyamani, kuunika kawiri pa nyengo osati kamodzi poyamba, ndi kuletsa kulembetsa osewera atsopano mpaka akale alipidwe. Timu imene imasainitsa osewera khumi n'kusawalipira imakhala ikupikisana ndi ndalama za osewerawo, ndipo imapondereza timu yoona mtima imene yasainitsa asanu n'kuwalipira mwezi uliwonse.

Osewera adziwenso izi. Malamulo a FIFA amati timu ikapanda kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera ailembere kalata yoipatsa masiku 15. Ikapanda kulipira, ali ndi ufulu wothetsa kontirakiti n'kufuna chipukutamisozi. Ambiri amalakwitsa pongochoka osalemba kalatayo, ndiye mlandu umawatembenukira. Ngati wosewerayo ndi wochokera kunja, monga Mmalawi kapena Mzimbabwe wosewera kuno, mlandu umapita ku FIFA, ndipo timu ikapanda kulipira pasanathe masiku 45 chigamulo chitaperekedwa, imaletsedwa kulembetsa osewera mpaka nyengo zitatu za msika.

Kwa matimu ang'ono a ku Ulongwe, Moatize, Furancungo kapena Zóbuè, ndalama yeniyeni imene ingabwere kuchokera kunja ndi ya kulera osewera. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira chaka chimene anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Zaka zinayi zoyamba, 12 mpaka 15, chaka chilichonse ndi 0.25 peresenti ya mtengo wonse. Kuyambira 16 mpaka 23, chaka chilichonse ndi 0.5 peresenti. Wosewera akagulitsidwa pa mayuro 2 miliyoni, timu imene inali naye kuyambira zaka 12 mpaka 17 ilandira 20,000 pa zaka zinayi zoyamba ndi 20,000 pa ziwiri zinazo, kukwana mayuro 40,000. Ndipo imalandiranso nthawi iliyonse akagulitsidwa kwina. Njira ya anyamata athu ilipo: Geny Catamo anachoka ku Black Bulls n'kukafika ku Sporting, Reinildo Mandava anadutsira ku Ferroviário da Beira n'kukafika ku Lille ndi Atlético Madrid.

Pamene zimalakwika ndi pa mapepala. Ndalamazi zimatsata mbiri ya wosewera imene ili ku Federação Moçambicana de Futebol. Mwana amene anasewera zaka zinayi m'timu ya pamudzi osalembetsedwa, m'kaundula mulibe kanthu, ndipo timuyo silandira ngakhale metikali imodzi. Choncho timu ikhale yolembetsedwa ku bungwe la mpira la m'chigawo, mwana aliyense alembetsedwe nyengo iliyonse, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi zimene zili pa chiphaso chake. Kuchepetsa zaka za mwana kumadzasokoneza mbiri yonse patsogolo. Kuyambira Novembala 2022 ndalamazi zimadutsira ku FIFA Clearing House, imene imafuna akaunti ya ku banki ya m'dzina la timu ndi zikalata zosonyeza amene akuiyendetsa. Akaunti ya tcheyamani kapena nambala ya M-Pesa salandira.

Mayi wa ku Moatize:

Bambo Mlembi, ndiwonjezere ziwiri pa zimene mwanenazo kuti matimu asawerengere ndalama zimene sizibwera. 5 peresenti ija imatuluka pokhapokha pali mtengo wogulira kapena wobwereketsera. Wosewera akachoka kontirakiti yake itatha, monga Reinildo anachitira popita ku Sunderland mu 2025, palibe chogawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye ndalamazi zisalowe mu bajeti ya nyengo zisanafike ku banki.

Chachiwiri, pali ndalama ina yosiyana ndi imeneyi, yobwezera zimene timu inawononga pophunzitsa wosewera. Imalipidwa akasaina kontirakiti yake yoyamba ya mpira wolipidwa ku dziko lina, kapena akasamukira dziko lina chaka chimene akukwanitsa zaka 23 chisanathe. Imawerengedwa potengera gulu la timu imene yamutenga: ku Ulaya gulu loyamba ndi mayuro 90,000 pa chaka chilichonse cha maphunziro, lachiwiri 60,000, lachitatu 30,000, lachinayi 10,000, ndipo zaka za 12 mpaka 15 zimawerengedwa pa mtengo wa gulu lachinayi. Maejenti ambiri amabwera ndi kalata yoti timu isaine kuti yasiya ufulu umenewu, akumati apo ayi timu ya ku Ulaya simutenga mwanayo. Ngati mwaganiza zosaina, musasaine chabe. Sinthanitsani ndi gawo la mtengo akadzagulitsidwanso, ndipo m'kalatamo mulembedwe momveka ngati peresentiyo ndi ya mtengo wonse kapena ya phindu lokha. Timu ikamutenga pa mayuro 200,000 n'kudzamugulitsa pa 1 miliyoni, 20 peresenti ya mtengo wonse ndi 200,000, pomwe ya phindu ndi 160,000. Mulembedwenso tsiku lolipira, ndiponso kuti kubwereketsa kolipiritsa ndi kusinthanitsa ndi wosewera wina kukuwerengedwa ngati kugulitsa.